Vernice Gatling Panja pa Chitseko

Ntchito ya Vernice Gatling inali yoganizira zoipa zisanachitike, ndipo boma linkamulipira chifukwa cha zomwezo. M'mawa uliwonse ankakwera sitima yolowa mu Washington, n'kufika pa nyumba yaitali ya nthambi ina yoona za chitetezo cha m'dziko, kuonetsa chiphaso kwa mlonda yemwe ankamudziwa bwinobwino, kenako kukhala pansi n'kuyamba kumiza matauni papepala. Lero mlatho wakokoloka, mawa magetsi athima chigawo chonse, mkuja poizoni watayikira m'madzi akumwa. Akatero ankalemba kuti woyamba kuthamanga ndani, magalimoto achokera kuti, odwala akagonekedwa kuti. Mutu wake unkakhala zaka ziwiri kutsogolo, poti mapulani a boma amakonzedwa choncho, moti tsiku lina analemba chaka cholakwika pa khadi la ukwati wa mwana wa mnzake, ofesi yonse n'kumuseka mpaka atatopa okha.

Ntchito yotereyi ilibe zikomo. Ukaigwira bwino palibe chimachitika, ndipo palibe munthu amakuimika panjira kukuthokoza chifukwa cha maliro amene sanachitike. Mabwana aakulu ankabwera ndi chisankho n'kupita ndi chisankho, aliyense ndi timawu take tatsopano, ndipo mapulani ambiri amene Vernice anawathera maso anakagona m'makabati. Iye sankadandaula mokweza. Ankangosintha mutu wa pepala n'kuyambiranso.

Anabadwira ku Askew Neck, ku North Carolina, kamudzi ka pakati pa madambo komwe msewu wolowera ndi womwewo wotulukira. Bambo ake, a Cleophus Gatling, anagwira ntchito moyo wonse m'fakitale yoswa mtedza. Fumbi lake linawadya mapapo pang'onopang'ono, moti atakalamba ankapumira makina a okosijeni, aja oyendera magetsi, kapaipi m'mphuno usana ndi usiku. Koma pakamwa sipanadwale. Anali dikoni ku tchalitchi cha Baptist komanso mmodzi wa akuluakulu osunga katundu wa mpingo, munthu woti ukabwereka hamala ankayamba wakufunsa kuti misomali waitenga kuti. Akazi awo anamwalira Vernice ali kukoleji. Tsiku limene mwana anapeza ntchito ya boma, a Gatling sanavine. Anamukhazika pakhonde n'kumuuza kuti:

"Neecy, kumene ukupitako akakuyang'ana kawiri pamene mnzako akumuyang'ana kamodzi. Ukasowa cholembera ukagule chako. Usadzatenge ngakhale kapini ka boma."

Anamvera, mwinanso mopitirira. Makampani akabweretsa makeke pa msonkhano, iye ankamwa madzi a m'botolo lake. Anzake anamutcha Sisitere, dzina n'kumumatirira. Anakwatiwapo koma banja silinapite patali. Mwamunayo ankadandaula kuti sangakhale ndi munthu amene akaona mtambo amayamba kuwerenga mabatire. Atachoka, Vernice anatsala ndi ntchito, ndi foni ya Lamlungu lililonse yopita ku Askew Neck.

Mwa zonse zimene analemba m'zaka zoposa makumi awiri, pulani imodzi ndiyo inali mwana wake. Anali ataona kuti namondwe akadutsa pamakhala anthu ena amene madzi sanawakhudze, denga lili bwino, koma amafa mwakachetechete patapita masiku, magetsi atathima, makina awo opumira atazima. Pulani yake inali yosavuta kumva: kuika jenereta yaikulu pa holo kapena pa tchalitchi cha pamtunda m'midzi yakutali, kuti odwala otere azikapumira pomwepo mpaka magetsi atabwerera. Anaikankha zaka ndi zaka. Bwana wina anati ndi yaing'ono kwambiri, wina anati ndi yaikulu kwambiri, wina sanaiwerenge n'komwe. Potsiriza anavomera kuti iyesedwe kaye m'midzi yowerengeka. Itangolengezedwa, midzi yofunsira inachuluka kuposa majenereta.

Lamlungu lina foni inabwera ndi nkhani.

"Neecy, zamajenereta zija nafenso tafunsira. Ndasaina ndekha, ndi cholembera changa."

Vernice anatseka maso. "Adadi, bwanji simunawasiyire a Dikoni Spruill kuti asaine?"

"Spruill? Munthu amene dzina lake lomwe amalemba ngati papalasa nkhuku? Ukufuna boma litiseke?"

"Mukakhalamo inuyo, ine sindingayankhulepo kalikonse."

"Wakupempha ndani kuti uyankhule? Tipambana mwachilungamo. Wadya?"

Lamulo la m'nyumba imeneyo ndi lodziwika, ndipo si loipa. Nkhani ikakhudza wachibale wako, umatuluka. Suwerenga, sulemba, sunong'oneza. Vernice sanadikire kuti wina amukumbutse. Lolemba lake anapita yekha kwa loya wa ofesi kukadziulula, ndipo loyayo anati ngakhale akanasaina wina, malinga bambowo ali pakati pa osunga katundu wa mpingo, nkhani ndi yomweyo. Dzina la Askew Neck likatchulidwa, Vernice azikhala panja pa chitseko.

Vuto linali pa kasankhidwe, ndipo kasankhidweko anathandiza kulemba ndi iye mwini. Midzi inkapatsidwa malikisi. Wokhala kutali ndi chipatala malikisi ambiri, woyandikira malikisi ochepa, ndipo mtundawo inkayeza ndi kompyuta pa mapu. Pa mapu Askew Neck ili pafupi ndi chipatala, kungowoloka mlatho basi. Koma mlathowo ndi wotsika. Mvula ikalimbikira, madzi a m'dambo amaukwera n'kugonapo masiku. Vernice anajombapo kusukulu kambirimbiri chifukwa cha mlatho umenewo. Pempho la mpingo sanaliwerenge, poti sankaloledwa, koma bambo ake ankawadziwa. Kwa iwo ndi anzawo mlatho womira unali ngati udzudzu, chinthu choti sungadetsere pepala la boma. Ankakhulupirira kuti analemba za mbiri ya mpingo ndi kulimba kwa denga. Kuwaimbira kuti aonjezere za mlatho kukanakhala kuulula mafunso a mayeso kwa wachibale, choncho sanaimbe.

Mudziwo mabwana anaupereka kwa Gilberto Baca kuti auunike. Gilberto anali mnzake wa desiki yoyandikana, munthu wa nthabwala wochokera ku New Mexico, komwe mtsinje wodzaza ankaumva m'nkhani chabe. Anamupeza Vernice pothira khofi.

"Sisitere, mudzi wanu uja augwetsera ine."

"Sindinamve."

"Ndikungocheza. Kwanuko n'kotani? Pali chimene munthu wa kuchipululu ngati ine sangachione pa mapu?"

"Kuli udzudzu ndi Abaptist."

"Chabwino, musayankhule. Ngati pali kanthu mungotsokomola. Kutsokomola sikunakhalepo mlandu."

Pakhosi pa Vernice panayamba kuyabwa ndithu. Anameza malovu, n'kuyang'ana m'kapu.

"Gilberto, uli ndi ana awiri. Akadzakufunsa kuti za mudziwu unazimva kuti, udzati chiyani?"

"Ndidzati ndinalota."

"Gwira ntchito yako, ine ndigwire yanga."

Tisamunamizire kuti anali wopusa kapena wouma mtima. Pulani ija inali ndi adani m'nyumba momwemo, anthu amene ankangodikira kachifukwa. Zikanamveka kuti mwini pulani wakokera jenereta kwa bambo ake, akanaifafaniza yonse, midzi ina ija n'kutsala mumdima limodzi ndi Askew Neck. Kumeneko nakonso kuli makolo a anthu. Zimenezi n'zoona, ndipo Vernice ankadziuza zimenezi. Koma panalinso china chimene sankadziuza. Ankaopa, ndipo ankanyadira dzina lake loyera. Zaka zonsezo palibe anamuloza chala, ndipo sankafuna kuti chala choyamba chibwere ali pafupi kupuma pantchito. Amati mbewa ya manyazi inafera ku una, koma mwambiwo sunena za mbewa imene manyazi ake amaphetsa ina.

Tsiku losankha, bwana wawo Mayi Rutkowski ankawerenga midzi umodziumodzi, wounika mudziwo n'kufotokoza, ena n'kufunsa mafunso. Vernice anayankhulira midzi ya eni ake ndi mtima wonse. Anakumbutsa za msewu wina wa m'mapiri, anatsutsa malikisi a mudzi wina wa ku Louisiana mpaka anawakweza. Kenako Mayi Rutkowski anati, "Askew Neck," n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi.

Vernice anatenga kapu yake n'kutuluka. Anaima m'kolido pafupi ndi makina a madzi akumwa. Chitsekocho chinali chopyapyala, moti ankamva mawu a Gilberto akung'ung'udza koma osamva chimene akunena. Wina anaseka. Dzanja lake linafika pa chogwirira chitseko, n'kubwereranso m'thumba. Sipanatenge nthawi, chitseko chinatseguka.

"Lowani, Sisitere, tathana nawo," anatero Gilberto, osamuyang'ana kumaso.

Zotsatira anazimva limodzi ndi wina aliyense. Askew Neck inatsala pang'ono, koma inatsala.

"Tagwa, ndamva," anatero a Gatling Lamlungu lake. "Apambanawo nawonso ndi anthu a Mulungu. Tidzayesanso."

"Adadi, nyengo ya mikuntho ino bwerani mudzakhale kuno."

"Kudzatani? Kudzayang'ana khoma lako? Nkhuku zanga udyetsa ndiwe?"

"Nkhuku zingapose moyo?"

"Zimenezi zimandimvera. Iwe sunandimverepo chikhalire."

"Ine? Ine ndi amene ndinakumverani kuposa aliyense."

"Ndiye mvera apanso, undisiye kwathu."

Poona kuti sasuntha, Vernice anayendetsa galimoto kupita kumudzi ndi kajenereta kakang'ono kogula yekha, zigubu za mafuta, ndi masilinda a mpweya oonjezera. Anawaphunzitsa kalizidwe kake mpaka anamukalipira kuti iwo anayamba kuliza injini iye asanabadwe. Anadya limodzi nsomba yokazinga ndi mkate wa chimanga, a Gatling akudandaula kuti mchere wachepa. Pobwerera anaima pa mlatho paja, natsika. Madzi anali pansi ndithu, odekha, akuda. Anamva chisoni ndi mkwiyo, koma sanadziwe woti amukwiyire.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma namondwe amaimba, sabata yathunthu pa wailesi yakanema. Wa chaka chimenecho anabwera mu Seputembala. Vernice anachonderera bambo ake kuti achoke, iwo anati aona kaye. Kenako namondweyo anafooka ali panyanja, olengeza zanyengo n'kuyamba kumuchepetsa, a Gatling n'kuti, "Waona? Kamphepo chabe." Mphepo inalidi yochepa. Chimene chinabwera ndi mvula. Namondweyo atafika pamtunda anangoima malo amodzi, n'kukhuthula madzi tsiku ndi tsiku osasuntha. Magetsi anathima, mlatho unamira.

Vernice anaitanidwa m'chipinda chachikulu choyendetsera ntchito za ngozi, momwe makoma ndi makanema okhaokha. Kumeneko anaona chimene sanachionepo pa moyo wake wonse wa ntchito: pulani yake ikugwira. Midzi ya m'chigawocho imene inalandira majenereta inkatumiza uthenga kuti odwala afika, makina akulira, onse akupuma. Anthu amene ankaitsutsa ankadutsa n'kumugwira paphewa. Bwana wina wamkulu, amene sankadziwa n'komwe dzina lake, anabwera kudzamugwira chanza. Iye ankamwetulira, dzanja lina lili pa foni m'thumba.

Masiku oyamba a Gatling ankaimba ali ndi nthabwala. Kajenereta kakulira, nkhuku zalowa m'khitchini, madzi ali kumapeto kwa bwalo koma m'nyumba ndi mouma. Kenako mafuta anayamba kuchepa, poti ankatchajanso mafoni a mudzi wonse ndi kusungira anthu mankhwala m'firiji. Apo Vernice anaiwala za Usisitere. Anaimbira a zangozi a kuderalo, analembetsa dzina la bambo ake, anaimbanso, kenako anapita kwa Mayi Rutkowski.

"Mayi, ndi bambo anga. Ali pa okosijeni ndipo mafuta akutha. Ndithandizeni."

Mayi Rutkowski sanafunse za malamulo. Anaimba mafoni pamaso pake, ena mokalipa. Yankho linali limodzi konsekonse. Maboti ndi mahelikopita onse anali kwa anthu okhala pamadenga, madzi ali m'khosi. Wa padenga ndiye woyamba, wa m'nyumba youma adikire. Ndondomeko imeneyo Vernice ankaidziwa pamtima, poti inadutsa pa desiki yake zaka zapitazo, ndipo inali yolondola.

Foni yotsiriza inabwera masana, mvula itayamba kukata.

"Neecy, mafuta atha. Ndili pa silinda."

"Yachingati?"

"Yomaliza."

"Enawo apita kuti, Adadi? Ndinakusiyirani okwanira."

"Ozella wa kuseri kuno nayenso amapuma, mwanawe. Makina ake anazima kale."

Vernice anakhala pansi m'kolido, msana kukhoma. "Boti likubwera. Musayankhule, sungani mpweya."

"Mayi ako anandiuza zimenezo moyo wonse, sizinatheke." Anapuma kwa nthawi, mpweya ukulira m'foni. "Akuti kutsidyaku anthu akupumira m'tchalitchi, pa jenereta yako. N'zoona?"

"N'zoona."

"Basi. Wagwira ntchito."

"Adadi, anatichepetsera malikisi chifukwa pa mapu chipatala chili pafupi. Za mlatho sankazidziwa. Ine ndinkadziwa."

A Gatling anakoka mpweya. Kenako anafunsa, "Unawauza?"

"Ayi."

"Mmm," anatero a Gatling. Patapita kanthawi anati batire ya foni ikutha, aisunge kuti a boti akamafika awapeze.

Boti linafika mawa lake. A Gatling anawapeza atamwalira pampando wawo wa pabalaza, kapaipi kali m'mphuno, nyumba ili youma ngati kuti kunja sikunagwe mvula. Koma Mayi Ozella a boti anawanyamula amoyo.

Kuyambira tsikulo Vernice wakhala akutembenuza ka "mmm" kaja. Masiku ena amamva ngati bambo ake ankati wachita bwino, ndi mmene ndinakulerera. Masiku ena amamva ngati ankati mwana iwe, ine ndinkanena za zolembera ndi mapini. Anali bambo woti chilichonse amachinena kawiri, koma ichi chokha anachisiya osamaliza, ndipo palibe wina woti angamufunse.

Maliro anachedwa kudikira kuti madzi aphwe kumanda. Anthu ankamulozerana mwaulemu kuti ndi uyo mwana wa a Dikoni, wa ku Washington, wa majenereta uja. Palibe anamunyoza, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kunyozedwa. Pa chakudya a Dikoni Spruill anamuyandikira ndi mbale m'manja.

"Mwanawe, ndifunseko. Kodi kumtundako sadziwa kuti mlatho wathuwu umamira?"

"Sankadziwa, a Dikoni."

"Ayi, n'zomveka. Adziwa bwanji, poti kwathu kuno sanafikeko." Anagwedeza mutu n'kupita kukaonjezera ndiwo.

Anabwerera kuntchito, poti kwina koti apite kunalibe. Ankafika nthawi yomweyo, kuonetsa chiphaso kwa mlonda yemweyo. Lamlungu ankachapa ndi kusita zovala zosafunika kusita. Gilberto analeka kumutcha Sisitere, ndipo nthabwala zake zinkatha akangomuona. Tsiku lina anayamba kuti, "Mayi Vernice, ine ndikanafufuza bwino," koma Vernice anamudula kuti anagwira ntchito yake monga anamuuzira, asadzayambenso nkhaniyo.

Poti pulani inaonetsa zipatso, chaka chotsatira analola midzi ina. Askew Neck inafunsiranso. Chipinda chinali chomwecho, tebulo lomwelo, Mayi Rutkowski ndi magalasi awo. Atafika pa dzinalo, miyendo ya Vernice inaima yokha, dzanja litatenga kale kapu.

"Khalani, Vernice," anatero Mayi Rutkowski motsitsa mawu. "Loya waunika. Mu mpingomo mulibenso wachibale wanu. Tsopano palibe choletsa."

Vernice anakhala. Onse ankayang'ana patebulo.

"Malikisi akadali omwe aja," anapitiriza Mayi Rutkowski. "Lipoti la namondwe likadazungulira m'maofesi kusaka masiginecha, ndiye sitingaligwiritse ntchito. Tonse tikudziwa, koma pafunika wina wodziwa malowo anene, kuti zilembedwe. Pali chimene tiyenera kudziwa za mudziwu?"

"Mlatho umamira," anatero Vernice. Mawu anatuluka bwinobwino, osanjenjemera. "Mvula ikalimbikira, chipatala chija sichifikika."

"Pali china?"

Anafunafuna mumtima. Ankaganiza kuti chinthu chimene wachisenza nthawi yonseyi chikhala chachitali, choti anthu atopa nacho kumvetsera. Koma chonse chinali chomwecho.

"Palibe."

Gilberto analemba. Palibe anatsutsa, palibe anafunsa umboni. Malikisi anakwera, Askew Neck inalowa, khofi wa m'kapu ya Vernice akadali wotentha. Mayi Rutkowski anatembenuza pepala n'kuwerenga mudzi wotsatira.